Wathu ku Joni ndi wolimbikira, wa eni ku Chikangawa ndi chigawenga?

Mu Mzuzu muno tilipo ambiri amene timasunga maganizo awiri otsutsana m'mutu umodzi, koma mutuwo osatipweteka. Apolisi akagwira anyamata a ku Ethiopia atabisala m'nkhalango ya Chikangawa kapena m'nyumba ina ku Luwinga, timati achita bwino, atsekeredwe amenewo, dziko lino si la masewera. Madzulo ake timaimbira foni mwana wathu yemwe ali ku Johannesburg, yemwe masiku 30 omwe anamupatsa pa chipata cha Beitbridge anatha kalekale, n'kumuuza kuti aziyenda mochenjera, apolisi a kumeneko ndi ankhanza. Lamlungu timamupempherera kutchalitchi. Ndalama akatumiza timalandira, ndipo palibe amene amafunsa ngati marandiwo ali ndi mapepala.

Anyamata awiriwa aphwanya lamulo la mtundu umodzi. Chawachotsa pakhomo pawo n'chimodzinso. Choncho funso lakuti kodi mavuto amapatsa munthu chilolezo chophwanya lamulo sitingaliyankhe mosiyana malingana ndi mtundu wa pasipoti ya munthuyo.

Yankho langa ndi lakuti ayi, umphawi sufufuta mlandu. Ndikudziwa kuti kwa bambo amene nyumba yake ya malata ku Mzimba inamangidwa ndi ndalama za ku Joni, mawuwa ndi owawa. Koma taganizirani kumene kadandaulidwe ka "ndinavutika" kangatifikitse tikakavomera. Wapolisi wa pa rodibuloko amene walandira kangachepe n'kutsinzina lole ikudutsa, mukamufunsa adzanena kuti malipiro sakukwana, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ana ali pasukulu. Dalaivala amene wapakira anthu pansi pa tenti ngati matumba a makala adzanena zomwezo. Mwini bwato ku Karonga adzati nsomba zinatha m'nyanja. Onsewa sakunama. M'dziko limene anthu ambiri amagona osadziwa kuti mawa adya chiyani, umphawi ukakhala chilolezo ndiye kuti pafupifupi aliyense ali nacho m'thumba. Ndipo amene amayamba kufa lamulo likatha mphamvu si wolemera. Ndi yemwe uja ali pansi pa tenti.

Komanso dziko kufuna kudziwa amene walowa ndi amene watuluka si nkhanza. Kukagwa mliri, kukasowa mwana, kukapezeka mfuti m'mudzi, buku la pa chipata cha Songwe limakhala ndi ntchito.

Chomwe ambiri amaiwala pa mkanganowu n'chakuti lamulo lenilenilo linavomera kale kuti pali mavuto ena amene amamasula munthu. Pangano la mayiko la 1951 lokhudza anthu othawa kwawo limati munthu amene wathawa chizunzo asalangidwe chifukwa cholowa m'dziko popanda chilolezo, bola akadzionetse msanga kwa aboma. Pangano la mayiko a mu Africa la 1969 linawonjezera othawa nkhondo ndi chipwirikiti. Malawi ali ndi lamulo lake la 1989 pa nkhaniyi, ndipo mbiri yake si yochititsa manyazi: nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique tinasunga anthu oposa 1 miliyoni, dziko lathu lili losauka kuposa lero. Palibe amene anafunsa mayi wa ku Tete, mwana ali kumsana, kuti chidindo chili kuti. Lero msasa wa Dzaleka ku Dowa, umene unatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pafupifupi 12,000, muli anthu oposa 50,000. (Za momwe tikuwasungira, osawalola kugwira ntchito kapena kukhala komwe akufuna, ndi momwe boma linawasonkhanitsira m'matauni mu Meyi 2023 ena n'kugona ku ndende ya Maula, imeneyo ndi nkhani yofuna tsiku lakelake.) Mzere umene lamulo linajambula ndi uwu: wothawa mfuti amasulidwa, wothawa njala ayi. Mzerewu ndi wouma mtima, pakuti njala nayo imapha. Koma sindinamvepo wina akufotokoza momveka momwe dziko lingaufufutire n'kukhalabe ndi malire.

Mpaka apa ndagwirizana ndi amene amati lamulo ndi lamulo. Tisiyana kuyambira pano. Mlandu ukhoza kukhalapo, koma milandu ili ndi misinkhu. N'chifukwa chake ngakhale majisitireti akapeza munthu wolakwa amamupatsa mpata wodandaula asanapereke chilango, ndipo amamva zoti ndi koyamba, ali ndi ana, sanavulaze munthu. Mavuto sachotsa mlandu, koma amatiuza kulemera kwake. Ndiye tikayika pa sikelo anthu onse amene akhudzidwa ndi ulendo umodzi wochoka ku Ethiopia kukafika ku South Africa, wopepuka kwambiri ndi mwini ulendoyo. Chodabwitsa n'chakuti ndi yemweyo amene timamuona m'kachitokosi ka khoti.

Ambiri mwa anyamatawa amachokera kum'mwera kwa Ethiopia, madera a Hadiya ndi Kembata. Safuna Malawi. Sanabwere kudzalanda munda wa munthu ku Ekwendeni kapena benchi ya munthu mu msika wa Taifa. Akupita komwe ana athu akupita, kukagwira ntchito m'timashopu ta abale awo m'makomboni a ku South Africa. Makolo awo agulitsa ng'ombe kapena munda kuti alipire madola masauzande kwa owatsogolera. Amadutsa Kenya, Tanzania, n'kulowa kuno kudzera m'tinjira ta ku Karonga ndi Chitipa kapena panyanja usiku, kenako Mozambique kapena Zambia. Paliponse pamene akudutsa pali wina wa m'dzikolo amene akudyapo.

Ndipo tikudziwa momwe ulendowu umathera ukalakwika. Mu Juni 2012 bwato linamira ku Karonga, anthu oposa 40 a ku Ethiopia anafera m'madzi. Mu Malichi 2020 apolisi a ku Mozambique anatsegula kontena ku Tete, pa lole yochokera ku Malawi, n'kupezamo mitembo 64. Amoyo anali 14 okha. Mu Okutobala 2022 zinafika pakhomo pathu penipeni: m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munafukulidwa mitembo 30 ya amuna omwe ankawaganizira kuti ndi a ku Ethiopia, ndipo kupima kunasonyeza kuti anafa chifukwa chobanika. Anthu anamangidwa, mlandu unazengedwa ku khoti lalikulu mu Mzuzu mommuno, ndipo mu 2024 oimbidwa mlanduwo anamasulidwa. Chigamulo cha khoti ndimachilemekeza. Koma dzenje lija silinadzikumbe lokha. Panali galimoto, panali woiyendetsa, panali wogula mafuta, panali ogwira makasu usiku umenewo. Anthu 30 sanabanikire m'mlengalenga. Anabanikira m'galimoto imene inayenda pa msewu wathu.

Amene anayendapo pa M1 kuchoka ku Songwe kudzera ku Chiweta, Mzuzu, Jenda mpaka ku Lilongwe akudziwa kuti marodibuloko ndi angati. Mayi wonyamula thumba la mpunga wa Kilombero amatsitsidwa kuti alimasule. Wakabaza wopanda chipewa amathamangitsidwa mpaka m'ngalande. Koma lole yonyamula anthu makumi angapo imadutsa bwinobwino. Sindikunena kuti wapolisi aliyense kapena wa Imigireshoni aliyense amadya. Alipo ambiri amene amagwira magulu amenewa, ndipo apolisi ananena okha kuti pakati pa Januwale ndi Sepitembala 2022 anagwira anthu 221, mwa iwo 186 a ku Ethiopia. Funso langa ndi la amene sanagwidwe, komanso la amene amatsala magulu aja akagwidwa. Pa chithunzi cha m'nyuzipepala timaona anyamata owonda atakhala pansi m'mizere pabwalo la polisi, milomo itauma, ena opanda nsapato. Mwina pambali pamakhala dalaivala ndi kondakitala wake. Mwini galimoto, mwini nyumba yomwe amawabisamo, amene analandira ndalama pafoni, amenewa sakonda kujambulidwa. Lamulo lothana ndi mchitidwe wozembetsa ndi kugulitsa anthu tili nalo kuyambira 2015, ndipo zilango zake ndi zazikulu. Koma tikamati "olowa m'dziko mozemba achuluka," maso athu amakhala pa aja akhala pansi.

Akalowa kundende nkhani imaipiratu. Munthu wapezeka wolakwa, walamulidwa kulipira chindapusa kapena kukhala miyezi ingapo, kenako abwezedwe kwawo. Miyezi ija ikatha amakhalabe momwemo, m'ndende zodzaza kale ngati ya Mzuzu ndi Maula, akudya nsima ndi nyemba kamodzi patsiku, osamva chilankhulo cha womulondera. Mukafunsa chifukwa, yankho limakhala lakuti boma lilibe ndalama za tikiti ya ndege. Taimani pamenepo. Boma likusunga munthu kupyola chilango chake, chimene ndi kuphwanya ufulu umene malamulo oyendetsera dziko amapereka kwa womangidwa aliyense, ndipo chifukwa chimene likupereka ndi umphawi. Mnyamata uja atanena kuti umphawi ndiwo unamudutsitsa malire tinamuuza kuti chimenecho si chifukwa. Boma likanena zomwezo timagwedeza mutu kuti n'zoona, zinthu zavuta. Ngati umphawi sumasula mlendo, sungamasulenso boma.

Tsopano za athu. Ulendo wa ku Joni sunayambe ndi achinyamata a lero amene timawanena kuti safuna kulima. Agogo athu anayenda wapansi kupita ku Harare ndi ku migodi ya Johannesburg kukafuna ndalama ya msonkho wa nyumba umene atsamunda anaika. Clements Kadalie wa ku Chifira ku Nkhata Bay, wophunzira wa ku Livingstonia, anakafika ku Cape Town n'kuyambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU mu 1919. Kamuzu Banda mwini wake anachoka ku Kasungu wapansi ali mnyamata, n'kukagwira ntchito kumigodi asanapite ku America. Kenako panabwera njira ya boma ndi boma: Wenela, pambuyo pake Theba, mabungwe olemba anthu ntchito za kumigodi. Munthu ankalembedwa, n'kupimidwa, n'kukwezedwa ndege, gawo la malipiro ake n'kudzalandirira kuno. Sinali paradizo, inali migodi ya tsankho, ndipo ena mwa amene anagwirako akudandaulabe za ndalama zawo mpaka lero. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu. Zinayambiranso mu 1977, n'kudzatheratu cha m'ma 1988 pa mkangano wa kuyeza HIV. Khomo linatsekedwa, koma njala ya ntchito sinatsekedwe, ndiye anthu anayamba kulowera pawindo. Mzimba, Nkhata Bay ndi Mangochi sanasiye kutumiza ana awo. Chinasintha n'chakuti m'malo mwa kalaliki wa Theba panabwera thiransipota.

Ambiri mwa athuwa sadumpha mpanda ayi. Amalowa mwalamulo, pasipoti m'manja, kudzera ku Mwanza kapena Dedza, Tete, Nyamapanda, mpaka Beitbridge, n'kupatsidwa masiku ochezera osaloledwa kugwira ntchito. Masiku akatha munthu amangokhala. Ena amapereka pasipoti kwa thiransipota kuti ikadindidwe kumalire mwini wake ali pa ntchito m'munda wa bwana, ngati kuti anatuluka n'kulowanso. Apa mlandu wakula kale, chifukwa chidindo chimenecho chagulidwa. Kuyambira 2014 South Africa imaletsa wopyola masiku kulowanso kwa chaka chimodzi mpaka zisanu. Wogwidwa amakathera ku Lindela, malo otsekeramo alendo opanda mapepala kufupi ndi Krugersdorp, kudikira kubwezedwa.

Mayi wina amene timayandikana naye, wogulitsa tomato ndi anyezi, anabwera kunyumba m'mawa wina foni ili m'manja, chitenje atamanga mothina ngati akupita kumaliro. "Achimwene, mwana uja amugwira. Tandiwerengereni izi." Uthengawo unali wa mnzake wa mwanayo: amugwira akuchokera kuntchito, pakufunika ndalama mwamsanga asanamupititse ku Lindela. Mayiyo sanafunse kuti mwana wake walakwa chiyani. Ankadziwa. Anafunsa kuti marandi amenewo ndi makwacha angati, kenako anakhala pa khonde n'kuyamba kuwerenga pa zala zomwe angagulitse: mbuzi za kumudzi, matumba a simenti omwe mwanayo anatumiza ndalama zake kuti amalizire chipinda. Ndinamuthandiza kuwerenga. Sindinamulalikire za lamulo, ndipo sindikuganiza kuti inu mukanatero. Koma ndalama imene ankasonkhanitsayo inali chiphuphu cha wapolisi wa dziko lina, ndendende chimene mayi wina ku Hosaena, tauni ya ku Ethiopia, amasonkhanitsa kuti mwana wake adutse pa rodibuloko yathu.

Amene amati "angotsata njira yoyenera" atiuze kuti njirayo ili pati. Chilolezo chogwirira ntchito ku South Africa sichiperekedwa kwa wosamalira maluwa kapena wolera ana. Chimafuna maluso amene mnyamata wa Fomu 4 wa ku Euthini alibe. Ngakhale pasipoti yeniyeniyo, imene gawo 39 la malamulo oyendetsera dziko limaipatsa tanthauzo ponena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wotuluka m'dziko ndi kubwereranso, yakhala chinthu chochita kulimbirana. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa milungu ingapo, boma likunena kuti makina asokonezedwa ndi akuba a pa kompyuta. Mtengo unatsitsidwa kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000, koma wokhala ku Chitipa amayenera kuwonjezerapo thiransipoti, malo ogona, ndi masiku oima pamzere pamene madobadoba akumunong'oneza kuti iwo akhoza kufulumizitsa. Boma limene likufuna kuti nzika zake ziziyenda mwalamulo liyambe lapanga kuti lamulolo litheke kutsatidwa.

Pali mfundo ina ya otsutsa imene sindiichepetsa. Mayi wa ku Soweto amene waima pamzere wa kuchipatala kuyambira mbandakucha, kapena mnyamata wa kumeneko amene wakanidwa ntchito chifukwa bwana wapeza Mmalawi wolola theka la malipiro, nayenso ndi wosauka. Mavuto ake si ochepa kuposa athu. Zomwe gulu la Operation Dudula limachita, kuthamangitsa anthu pa zipata za zipatala, ndi nkhanza, ndipo ziwawa za 2008 zimene zinapha anthu oposa 60 ndi za 2015 zimene zinachititsa boma lathu kutumiza mabasi kukatenga anthu zinali kupha ndi kuba basi. Koma dandaulo lakuti wopanda mapepala amatsitsa malipiro a aliyense ndi loona, ndipo ndi lomwe amalonda ang'onoang'ono a kuno amanena za mashopu a Maburundi. Wopindula pa zonsezi ndi bwana amene amakonda wantchito wosatha kudandaula kulikonse. Wopanda mapepala sangapite kupolisi akaberedwa, sangasumire bwana akamumana malipiro, amagona m'nyumba zimene munthu wa mapepala sangalole. Moto wa pa nyumba ya Usindiso ku Johannesburg mu Ogasiti 2023 unapha anthu 76, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi. N'chifukwa chake mwana wa mlongo wanga akandifunsa, ndimamuuza kuti asapite mwanjira imeneyo. Osati chifukwa akhala chigawenga, koma chifukwa akhala munthu amene aliyense angamupondereze popanda woyankha. Iye amandiyankha kuti, "Malume, nanga kuno ndikuyankhidwa ndi ndani?" Pamenepo ndimasowa chonena chomveka, chifukwa satifiketi yake ya MSCE ili m'sutikesi ndipo ntchito imene waipeza ndi yoyendetsa njinga yamoto ya munthu wina, kupereka ndalama ya bwana tsiku lililonse kaya wapeza kaya sanapeze.

Ndiye ndikufuna chiyani? Sindikupempha kuti chipata cha Songwe chisiyidwe chotsegula. Wolowa mozemba agwidwe, afunsidwe m'chilankhulo chimene akumva ngati akuthawa nkhondo kapena ayi, ndipo ngati sakuthawa nkhondo abwezedwe msanga, osati kuwolera m'ndende limodzi ndi opha anthu pa ndalama za misonkho yathu. Ana asalowe n'komwe m'ndende za akuluakulu. Mphamvu zimene timathera pothamangitsa anyamata ofooka m'mapaini a Chikangawa zipite kwa eni magalimoto ndi eni nyumba: galimoto ili ndi nambala, nambalayo ili ndi dzina ku Road Traffic, ndalama ya pafoni imasiya mapazi. Wantchito wa boma wopezeka akudya nawo asangosamutsidwa kupita ku boma lina. Azengedwe mlandu pagulu, dzina lake limveke pa wailesi monga timamvera chiwerengero cha ogwidwa.

Ndipo a ku Capital Hill alimbe mtima pa nkhani ya ku Joni. Anakwanitsa kukonza zotumiza achinyamata kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel kumapeto kwa 2023, nkhondo ili mkati, ndiye kuti kukambirana mapangano a ntchito amakudziwa. South Africa inapereka zilolezo zapadera kwa nzika za Zimbabwe ndi za Lesotho zimene zinali kale m'dzikomo, kuti zizigwira ntchito modziwika. Amalawi amene akhala akulima, kumanga ndi kulera ana kumeneko kwa zaka zoposa 100 alibe dongosolo lotere. Mwina South Africa ikana, makamaka pano pamene ndale zawo zatentha pa nkhani ya alendo. Koma aphungu a ku Mzimba ndi Nkhata Bay, amene amadziwa kuti ngolo za mabasi ochokera ku Joni zimabweretsa mafiriji ndi ma sola komanso mabokosi a maliro, ayenera kufunsa nduna m'Nyumba ya Malamulo kuti pempho limeneli linaperekedwa liti, ndipo yankho lake linali lotani.